Inabadwa mu 1871, dzina inalipeza mu 1918: mbiri ya nyuzipepala ya Keskisuomalainen ya ku Finland

Mu Januwale 2021, nyuzipepala ya Keskisuomalainen, yomwe imachokera mumzinda wa Jyväskylä m'chigawo chapakati cha dziko la Finland, inakwanitsa zaka 150, ndipo imadziwika kuti ndiyo yakale kwambiri pa nyuzipepala zonse za m'Chifinishi zimene zikutulukabe. Komatu munthu akalowa m'nkhokwe ya pa intaneti ya laibulale yaikulu ya dzikolo, mmene muli zithunzi za nyuzipepala zakale tsamba ndi tsamba, n'kufufuza dzina limeneli m'chaka cha 1871, salipeza. Dzinali limayamba kuoneka mu 1918. Kuwonjezera apo, mumzinda wa Turku muli nyuzipepala ina, Åbo Underrättelser, yomwe yakhala ikutuluka kuyambira mu 1824, kotero kuti woyamba kumva nkhaniyi amadabwa kuti ukale wa ya ku Jyväskylä ukuchokera pati.

Mfundo yachiwiriyi ndi yosavuta kuimasula, chifukwa Åbo Underrättelser imalembedwa m'Chiswidishi, osati m'Chifinishi. Yoyambayo ndiyo yofunika kuikhalira pansi, popeza kuti timvetse mmene nyuzipepala imodzi ingakhalire ndi zaka zambiri kuposa dzina lake, tiyenera kuona mmene inasinthira ambuye ake kangapo konse koma osasuntha pamalo pake.

Kodi nyuzipepala ya chigawo n'chiyani?

Anthu akunja akamva za nyuzipepala za ku Finland, kawirikawiri amangodziwa Helsingin Sanomat ya mumzinda waukulu wa Helsinki. Koma m'dziko la anthu pafupifupi 5.6 miliyonili, mabanja ambiri okhala kunja kwa likulu akulira pa nyuzipepala ya m'chigawo chawo, imene eni ake amaitcha maakuntalehti. Mawuwa amachokera ku maakunta, kutanthauza chigawo, ndi lehti, kutanthauza tsamba la mtengo komanso nyuzipepala kapena magazini. Wolankhula Chichewa sangadabwe nazo, chifukwa nafenso timati tsamba la mtengo ndi tsamba la buku. Ku Tampere kuli Aamulehti, ku Oulu kuli Kaleva, ku Turku kuli Turun Sanomat, ku Kuopio kuli Savon Sanomat, ndipo ku Jyväskylä kuli Keskisuomalainen, dzina lomwe limangotanthauza munthu wa m'chigawo chapakati cha Finland.

Tisaisokoneze ndi kanyuzipepala ka m'dera, kamene kamatuluka kamodzi kapena kawiri pa mlungu n'kumalemba za tauni imodzi yokha. Nyuzipepala ya chigawo ili ngati golosale yaikulu ya pa boma, mmene munthu amapezamo zonse osafunikanso kukwera basi kupita kumzinda: nkhani za kunja, za nyumba ya malamulo, za chuma, za masewero, za khonsolo, za nyengo, ngakhalenso zidziwitso za maliro ndi za ana obadwa kumene. Banja lolandira nyuzipepala imeneyi silinkaona chifukwa chogulira ina ya ku likulu, ndipo mphamvu yake yonse inagona pamenepo.

Chilankhulo cha kumunda ndi chilankhulo cha ku ofesi

Kwa zaka mazana angapo, mpaka mu 1809, Finland inali mbali ya ufumu wa Sweden. Anthu ambiri ankalankhula Chifinishi, koma chilankhulo cha ku khoti, cha maofesi a boma ndi cha sukulu zapamwamba chinali Chiswidishi. Mlimi ankatha kuweruzidwa mlandu n'kulandira chigamulo cholembedwa m'chilankhulo chimene sakuchimva, zomwe si zachilendo kwa aliyense amene anaonapo gogo wake akufunafuna womuwerengera kalata ya boma yolembedwa m'Chingerezi. Nyuzipepala yoyamba m'dzikolo inatuluka ku Turku mu 1771 m'Chiswidishi. Yoyamba ya m'Chifinishi, imene anaiyambitsa m'busa Antti Lizelius, inatuluka mu 1776 koma sinapitirire chaka chimenecho.

Mu 1809 dzikolo linalowa m'manja mwa mfumu yaikulu ya Russia, ngakhale linasunga malamulo ake ndi maofesi akeake. Chiswidishi chinakhalabe pampando. Pamene ophunzira ena anayamba kulimbikitsa kuti chilankhulo cha anthu ambiri chilemekezedwe, olamulira anachita mantha, makamaka ataona zipolowe zimene zinagwedeza mayiko a ku Ulaya mu 1848. Choncho mu 1850 kunatuluka lamulo loletsa kusindikiza m'Chifinishi china chilichonse kupatula nkhani za chipembedzo ndi za kapezedwe ka chuma, monga ulimi. Ganizo lake linali loonekeratu: munthu wamba awerenge za Mulungu ndi za mbewu, koma za ndale azisiyire odziwa Chiswidishi. Lamuloli linafooka patangopita zaka zochepa, ndipo mu 1863 mfumu Alexander II inasaina chikalata chonena kuti pakutha pa zaka 20, Chifinishi chikhale chovomerezeka m'maofesi ndi m'makhoti pa nkhani zokhudza anthu olankhula chilankhulocho. Amene anakankha kwambiri nkhaniyi anali J. V. Snellman, yemwenso anali mkonzi wa nyuzipepala.

Pali chinthu china chimene chinakonzeratu munda. Mpingo wa Lutheran unkafuna kuti Mkhristu aliyense azitha kudziwerengera yekha katekisimu, ndipo abusa ankayendera midzi chaka ndi chaka kukayesa anthu kuwerenga. Wolephera ankavutika kuloledwa ku mgonero, ndipo wosaloledwa ku mgonero sankamangitsa ukwati. Zotsatira zake zinali zoti anthu ambiri akumudzi ankatha kuwerenga ngakhale kuti olemba anali ochepa. Owerenga analipo kale, chimene chinkasowa chinali choti awerenge.

N'chifukwa chiyani zinachitikira ku Jyväskylä?

Jyväskylä ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 270 kumpoto kwa Helsinki, kumapeto kwa nyanja yaitali ya Päijänne, pakati pa nkhalango. Inakhazikitsidwa kukhala tauni mu 1837, ndipo pofika mu 1870 inali ndi anthu osakwana 2,000. Njanji inafikako mochedwa, mu 1897. Poyang'ana kukula kwake, sanali malo oti n'kuyembekezerako nyuzipepala, koma ubwino wake unali womwewo wokhala kutali ndi mizinda ya m'mphepete mwa nyanja yamchere kumene mabanja olankhula Chiswidishi anali ndi mphamvu. Kumeneku ndi kumene kunatsegulidwa sukulu ya sekondale yoyamba yophunzitsa m'Chifinishi mu 1858, kenako mu 1863 sukulu yoyamba yophunzitsa aphunzitsi m'chilankhulocho, motsogozedwa ndi Uno Cygnaeus. Sukulu ya aphunzitsiyi inkalandira amuna ndi akazi omwe, chinthu chosowa pa nthawiyo.

M'tauniyi munkakhalanso dokotala wa boma, Wolmar Schildt, amene ankathera nthawi yake yopuma akupeka mawu atsopano a Chifinishi. Ntchito imeneyi ingaoneke ngati yoseweretsa, koma inali yofunika zedi, chifukwa chilankhulo chimene chakhala cha kumunda ndi cha kutchalitchi chokha sichikhala ndi mawu okwanira olembera za sayansi kapena za kayendetsedwe ka boma. Mawu ena amene iye anapeka, monga tiede, kutanthauza sayansi, ndi taide, kutanthauza luso la zojambula ndi zopekapeka, akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero. Schildt yemweyo ndiye anayambitsa nyuzipepala yoyamba ya m'tauniyi, Kansan Lehti, kumapeto kwa zaka za m'ma 1860, nthawi yomwe dzikolo linali litangotuluka m'njala yoopsa ya 1866 mpaka 1868. Nyuzipepalayo sinakhalitse. Koma aphunzitsi, ophunzira ndi makina osindikizira anali atafika kale, moti mu 1872 m'tauni yomweyi munabadwa makampani awiri osindikiza mabuku amene anadzatchuka m'dziko lonse, Gummerus ndi Weilin & Göös.

Keski-Suomi ndi anthu amene anadutsamo

Loweruka pa 7 Januwale 1871 kunatuluka kope loyamba la nyuzipepala yotchedwa Keski-Suomi, kutanthauza Finland Yapakati, yomwe woyambitsa wake anali H. F. Helminen. Tsiku limeneli ndilo limene Keskisuomalainen imawerengera zaka zake. Poyamba inkatuluka kamodzi pa mlungu, ya masamba ochepa, yosindikizidwa m'zilembo zakuda zokhotakhota za mtundu wa Chijeremani zimene anthu anazizolowera m'mabuku a nyimbo za kutchalitchi. Gawo lalikulu la nyuzipepala za m'Chifinishi za nthawi imeneyo linali makalata ochokera kumidzi, olembedwa ndi aphunzitsi, alembi a mipingo ndi alimi odziwa kugwira cholembera, ofotokoza za zokolola, mitengo ya batala, matenda, misewu ndi mikangano yoti mudzi umange sukulu kapena ayi. Kope limodzi linkayenda nyumba zingapo, ndipo madzulo wina ankawerengera anzake mokweza. Makalata amenewa ndiwo anaphunzitsa anthu a m'midzi yotalikirana kudziona ngati a chigawo chimodzi, kalekale boma lisanajambule malire a chigawocho, pakuti Finland Yapakati inadzakhala chigawo chodziimira pa ulamuliro wa boma mu 1960.

Pakati pa zaka za m'ma 1870, mkonzi wa Keski-Suomi anali Johan Ferdinand Canth, mphunzitsi wa pa sukulu ya aphunzitsi ija. Zambiri zolembedwamo zinkachokera kwa mkazi wake, Minna Canth, amene anali mmodzi wa atsikana oyamba kulowa sukuluyo mu 1863 asanasiye maphunziro n'kukwatiwa. Iye ankalemba za maphunziro a atsikana ndi za kuipa kwa uchidakwa, ndipo nkhani za mowazo sizinakondweretse mwini nyuzipepala, yemwe ankapindulanso ndi malonda a mowa. Mu 1876 banjali linachoka pa nyuzipepalayo, ndipo pambuyo pake linakalembera ina yopikisana nayo, yotchedwa Päijänne. Minna Canth anadzakhala mmodzi wa alembi otchuka kwambiri a dzikolo, moti pa 19 Malichi chaka chilichonse mbendera zimakwezedwa pomukumbukira. Nkhani yakeyi ndi yofunika pano chifukwa ikusonyeza kuti kukokana pakati pa wolemba nkhani ndi mwini ndalama kunayamba nyuzipepalayi isanakwanitse n'komwe zaka 10.

M'zaka za m'ma 1880 munadutsanso anyamata ena amene anadzasintha utolankhani wa dziko lonse, monga Juhani Aho ndi Eero Erkko. Mu 1889 Erkko anakayambitsa ku Helsinki nyuzipepala ya Päivälehti pamodzi ndi anzake, Aho ali m'gulumo, ndipo imeneyi ndiyo kholo la Helsingin Sanomat. Choncho nyuzipepala yaikulu ya ku likulu inayambitsidwa ndi anthu amene ena mwa iwo anasulira luso lawo m'katauni ka m'nkhalango.

Nyuzipepala ziwiri m'tauni imodzi

Gulu lomenyera Chifinishi litayamba kupambana, linagawanika, monga zimakhalira magulu otere akayandikira chimene ankafuna. Mbali ina, yotchedwa Afinishi Achikulire, inali yosamala miyambo ndiponso yogwirizana kwambiri ndi mpingo. Mbali inayo, Afinishi Achinyamata, inkafuna ufulu wochuluka pa maganizo ndi pa chipembedzo. Keski-Suomi inatsamira kwa Achinyamata, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 Achikulire anayambitsa yawo mu Jyväskylä momwemo, yotchedwa Suomalainen, kutanthauza Mfinishi.

Kusiyanaku kunafika poipa kuyambira mu Febuluwale 1899, pamene mfumu Nicholas II inatulutsa chikalata chochepetsa ufulu wa Finland wodzipangira malamulo. Bwanamkubwa woimira mfumuyo ku Finland, Nikolai Bobrikov, anakhwimitsa kuunika zolembedwa zisanasindikizidwe, anatseka nyuzipepala zambiri, zina kwa miyezi ndipo zina mpaka kalekale, ndipo Erkko anathamangitsidwa m'dzikolo mu 1903, Päivälehti n'kutsekedwa mu 1904. Afinishi anasiyana maganizo pa zoyenera kuchita. Achikulire ankati dziko laling'ono silingalimbane ndi ufumu waukulu chotero, ndipo kuli bwino kugonjerako pang'ono kuti maofesi akhalebe m'manja mwa Afinishi ndi chilankhulo chitetezeke. Achinyamata ankati lamulo likangophwanyidwa kamodzi anthu n'kuvomera, palibenso chotsala, choncho kuyenera kukana mwamtendere lamulo lililonse losatsata njira. Akatswiri a mbiri ya dzikolo akukambiranabe za njira ziwirizi, ndipo mbali iliyonse inali ndi chimene inkaopa kutaya. Kwa wokhala mu Jyväskylä, nyuzipepala imene inkalowa m'nyumba mwake inkaulula mbali imene iye ali.

Kunyanyala ntchito kwa dziko lonse mu 1905 kunakakamiza mfumu kubwerera m'mbuyo, ndipo mu 1906 amuna ndi akazi onse anapatsidwa ufulu wovota. Zipani zatsopano zinabadwa, chilichonse ndi nyuzipepala zake, kuphatikizapo za ogwira ntchito zimene zinakula mofulumira. Pamene ufumu wa Russia unagwa mu 1917 ndipo Finland inalengeza ufulu wake pa 6 Disembala chaka chomwecho, funso limene linagawanitsa Achikulire ndi Achinyamata linatha ntchito. Tsopano mpanda unali pakati pa a sosholizimu ndi otsutsana nawo, ndipo mpanda umenewu unadzetsa nkhondo ya pachiweniweni kumayambiriro kwa 1918. M'nyengo imeneyi Keski-Suomi ndi Suomalainen, zomwe zinakhala zikulozana zala kwa zaka pafupifupi 30, zinaphatikizana kukhala nyuzipepala imodzi. Dzina latsopanolo linatenga mbali zonse ziwiri: Keski kuchokera ku yoyamba, suomalainen kuchokera ku yachiwiri.

Zaka za kukhala mlomo wa chipani

M'zaka za m'ma 1930, Keskisuomalainen inalowa m'khola la chipani cha alimi, Maalaisliitto, chomwe chinakhazikitsidwa mu 1906 ndipo mu 1965 chinasintha dzina n'kukhala Chipani cha Pakati. Afinishi ali ndi mawu a nyuzipepala yotere, äänenkannattaja, kutanthauza chonyamula mawu a gulu linalake. Kwa owerenga a lero zimenezi zingamveke ngati chinyengo, koma pa nthawiyo sizinali zobisa. Pafupifupi nyuzipepala iliyonse inali ndi chipani chake, ndipo m'tauni ya chigawo munkapezeka zitatu kapena zinayi: ya alimi, ya osunga mwambo ndi eni malonda, ya sosholizimu, nthawi zinanso ya achikomyunizimu. Wowerenga ankadziwa bwino lomwe kuti akumva mawu a ndani.

Chigawo chapakati chinali cha alimi ang'onoang'ono ndi eni nkhalango, kotero kuti kugwirizana ndi chipani cha alimi kunatsegulira nyuzipepalayi makomo ambiri akumudzi. Inadutsa nawo anthuwo m'nkhondo ziwiri zolimbana ndi Soviet Union, ya 1939 mpaka 1940 ndi ya 1941 mpaka 1944, pamene nkhani zinkaunikidwa ndi asilikali, mapepala ankaperewera, ndipo masamba ankadzaza ndi zidziwitso za anyamata ofera kunkhondo. Nkhondo itatha, anthu oposa 400,000 ochokera kumadera amene analandidwa anagawidwa malo m'dziko lonse. Kenako kunabwera nyengo yaitali ya pulezidenti Urho Kekkonen, wochokera m'chipani cha alimi chomwecho, amene analamulira kuyambira mu 1956 mpaka 1982. M'zaka zimenezo nyuzipepala zambiri za ku Finland zinkasankha mawu mosamala polemba za Soviet Union. Ena amati kumeneko kunali kudzitseka pakamwa, ena amati kunali kuchenjera kwa dziko laling'ono lokhala ndi malire a makilomita oposa 1,300 ndi chimphona.

Chimene chinathetsa dongosolo la nyuzipepala za zipani sichinali lamulo ayi, koma masamu a malonda. Afinishi amati ykköslehti ponena nyuzipepala yoyamba pa kuchuluka kwa owerenga m'dera, ndipo kakkoslehti ndi yachiwiri. Taganizirani mwini sitolo ya nsapato amene ali ndi ndalama zolipirira chidziwitso chimodzi chokha. Iye sayang'ana chipani, amayang'ana nyuzipepala yofika m'makomo ambiri. Ndalama zakezo zimathandiza yoyambayo kulemba atolankhani ena, kuwonjezera masamba ndi kugula makina abwino, zomwe zimakopa owerenga enanso, ngakhale a chipani china, amene akufuna kuona zotsatsa malonda, ntchito zimene zapezeka ndi maliro a anzawo. Yachiwiri imayamba kuonda, ndipo ikaonda otsatsa malonda amaithawa. N'chimodzimodzi ndi minibasi pa siteji: imene yatsala pang'ono kudzaza ndiyo anthu amathamangira, yopanda anthu imangokhala. Boma linkapereka thandizo la ndalama ku nyuzipepala za zipani kuyambira m'zaka za m'ma 1970, koma silinathe kubweza madziwo. M'mizinda yambiri ya m'zigawo munatsala nyuzipepala imodzi yamphamvu, ndipo ku Jyväskylä inali Keskisuomalainen.

Apa panabuka vuto lina. Nyuzipepala yolowa pafupifupi m'nyumba iliyonse singapitirize kulankhulira chipani chimodzi popanda kukwiyitsa gawo lalikulu la olipira ake. N'chifukwa chake mu 1986, pa nthawi ya mkonzi wamkulu Erkki Laatikainen, amene anakhala pa udindowo zaka zoposa 30, Keskisuomalainen inasiya kukhala mlomo wa chipani. Zina zinachitanso chimodzimodzi m'zaka zoyandikana, monga Aamulehti, yomwe inasiyana ndi chipani cha osunga mwambo mu 1992. Kusiyana ndi chipani sikutanthauza kuti nyuzipepala ilibenso maganizo, pakuti ndemanga za mkonzi zimapitiriza kumenyera zofuna za chigawo, monga misewu, njanji, zipatala ndi yunivesite ya Jyväskylä.

Mmene imafikira pakhomo, ndi kumene ndalama zimachokera

Kuti timvetse chuma cha nyuzipepala yotereyi, tiyenera kuiwala chithunzi cha mnyamata wogulitsa nyuzipepala pa mphambano. Ku Finland nyuzipepala za m'mawa sizidalira kugulitsa mumsewu. Banja limalembetsa n'kulipiriratu miyezi ingapo kapena chaka chathunthu, ndipo nyuzipepala imabwera yokha. Makina amasindikiza usiku, magalimoto amanyamula mitokoma kupita kumalo ogawira, ndipo anthu ambiri akali m'tulo wogawa amakhala ali kale panjira. M'nyengo yozizira, pamene ku Jyväskylä dzuwa limaoneka maola pafupifupi asanu okha ndipo chipale chimakuta misewu, iye amakwera masitepe a nyumba zosanjikizana ali ndi mulu wa makiyi, n'kumalowetsa kope pa kabowo ka pachitseko chilichonse. Mwini nyumba akamadzuka kukatereka khofi, amaipeza ili pansi pakhomo. Kumidzi imasiyidwa m'kabokosi ka m'mphepete mwa msewu, ndipo kumadera akutali kwambiri imabwera masana ndi a positi.

Njira imeneyi inkapatsa kampani ndalama zodziwikiratu, komanso inkaipatsa chinthu chogulitsa kwa amalonda, chomwe ndi chitsimikizo chakuti uthenga wawo ufika pa tebulo la chakudya cha m'mawa. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000, Keskisuomalainen inkafalitsa makope oposa 70,000 m'chigawo cha anthu pafupifupi 270,000, kutanthauza kope limodzi pa anthu anayi alionse, kuwerengera ndi makanda omwe. Boma nalo linkathandiza mwakachetechete posaika msonkho wa VAT pa nyuzipepala zolembetsa, mpaka mu 2012 pamene linaika msonkho wa 9 peresenti, womwe unakwera kufika pa 10 peresenti chaka chotsatira.

Kufooka kwa njirayi kuli pa kugawa komweko. Galimoto yoyenda makilomita 40 m'nkhalango imamwa mafuta ofanana kaya ikusiya makope 100 kaya 30. Achinyamata akamasamukira m'mizinda ndipo okalamba akamatha, mtengo wofikitsa kope lililonse umakwera, ndipo kukweza mtengo wolembetsera kumathamangitsa enanso.

Kuchoka pa nyuzipepala imodzi kufika pa kampani ya nyuzipepala zambiri

Mavuto a zachuma amene anagwera Finland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anapha nyuzipepala zingapo. Imodzi mwa izo inali Uusi Suomi ya ku Helsinki, yomwe inatsekedwa mu 1991 ndipo mizu yake inkafika ku Suometar ya mu 1847. Kufa kwa nyuzipepala za mizu yakale ngati imeneyi n'kumene kunasiya ya ku Jyväskylä ili patsogolo pa ukale. Zotsalazo zinaphunzira kugwirizana. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Keskisuomalainen ndi nyuzipepala zina za m'zigawo zoyandikana zinayamba kukonzera limodzi masamba a Lamlungu otchedwa Sunnuntaisuomalainen, kuti nkhani imodzi yofufuzidwa bwino ilipiridwe ndi makampani angapo.

Kampani yake, Keskisuomalainen Oyj, inalowa pa msika wa masheya wa Helsinki mu 1999 ndipo inayamba kugula anzake. Savon Sanomat ya ku Kuopio inalowa m'banjali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mu 2013 inagula Suomen Lehtiyhtymä, kampani ya nyuzipepala zambiri za m'madera ozungulira Helsinki, mu 2016 inagula kampani yofalitsa Etelä-Suomen Sanomat ya ku Lahti, ndipo mu 2019 inatenga nyuzipepala za kum'mwera chakum'mawa, monga Etelä-Saimaa, Kouvolan Sanomat ndi Kymen Sanomat. Zoterezi sizinachitike ku Jyväskylä kokha, chifukwa mu 2020 kampani ya Sanoma, mwini wa Helsingin Sanomat, inagula Aamulehti pamodzi ndi nyuzipepala zina za m'zigawo pa mtengo wa mayuro 115 miliyoni.

Chimene chikukankha zonsezi ndi intaneti. Zidziwitso zing'onozing'ono za nyumba, magalimoto ndi ntchito, zomwe kale zinkadzaza masamba, zinasamukira pa masamba a intaneti, ndipo ndalama zambiri za otsatsa malonda zikupita ku Google ndi Facebook. Nyuzipepala zikuyesa kubweza zotayikazo pogulitsa nkhani pa foni ndi pa kompyuta kwa olembetsa okha, ndipo mu 2019 boma linatsitsa msonkho wa nyuzipepala za pa intaneti kuchoka pa 24 kufika pa 10 peresenti kuti ufanane ndi wa zapapepala. Palinso kukokana ndi Yle, nyumba youlutsa mawu ya boma imene imayendetsedwa ndi msonkho wapadera kuyambira mu 2013. Eni nyuzipepala anadandaula ku bungwe la European Union kuti nkhani zolembedwa zimene Yle imapereka ulere zikuwaphera msika, ndipo mu 2022 lamulo linasinthidwa kuti zolemba zambiri za Yle zizigwirizana ndi zimene yaulutsa pa mawu kapena pa kanema. Otsutsa kusinthaku amati wovutika ndi munthu wosatha kulipira.

Pa nkhani ya kugulana kwa makampani, maganizo ndi awiri ndipo onse ali ndi polemera. Oikira kumbuyo amati nyuzipepala yaing'ono payokha singakwanitse makina osindikizira, magalimoto ogawira ndi akatswiri a kompyuta, choncho kulowa m'banja lalikulu n'kumene kukuisunga ndi moyo, ndipo ndalama zopulumutsidwa zimalola kuti mtolankhani akhalebe m'tauni yaing'ono. Odandaula amati nkhani imodzi ikamatuluka mofanana m'nyuzipepala khumi, mayina amaoneka ambiri koma mawu ndi amodzi, ndipo khonsolo imene kale inkayang'aniridwa ndi atolankhani atatu opikisana tsopano ikuyang'aniridwa ndi mmodzi, kapena palibe n'komwe. Zimenezi zikuchitika m'dziko limene kawirikawiri limakhala m'gulu la mayiko otsogola pa mndandanda wa ufulu wa atolankhani wa bungwe la Reporters Without Borders, ndiponso limene lili ndi khonsolo yodziimira yolandira madandaulo a owerenga kuyambira mu 1968. Nkhawa ya kumeneko si ya wapolisi wogogoda pa chitseko cha mkonzi, koma ya kuchepa kwa zitseko zoti n'kugogodapo.

Nanga zaka 150 zija zikuwerengedwa bwanji?

Nyuzipepala zimawerenga zaka zawo ngati mmene banja limawerengera mbumba: chofunika ndi mzere wosaduka, osati dzina. Keski-Suomi sinatsekedwe n'kudzayambikanso pambuyo pake, koma inalowa mu Keskisuomalainen pamodzi ndi olembetsa ake, ndipo pa makolo awiriwo inasankhidwa yaikulu kuti ndiyo iwerengedwe. Ena amachitanso chimodzimodzi. Karjalainen ya ku Joensuu imayambira pa Karjalatar ya mu 1874, ndipo Helsingin Sanomat imayambira pa Päivälehti ya mu 1889, ngakhale kuti dzina lake la lero linabwera Päivälehti itatsekedwa. Wofuna kutsutsa anganene kuti pepala la mlungu ndi mlungu la Helminen, mlomo wa chipani cha alimi wa m'ma 1950 ndi kampani ya pa msika wa masheya ya lero ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo sangakhale akunama, pakuti eni ake, ndale zake, zilembo zake ndi makina ake zonse zinasintha. Chimene chimapezeka m'kope la 1871 ndi la lero lomwe ndi tauni imene nyuzipepalayi imachokera ndi mayina a madera amene nkhani zikuchokera, monga Laukaa, Saarijärvi, Keuruu ndi Viitasaari, kumene kale kunkachokera makalata a aphunzitsi onena za mtengo wa batala, ndipo lero kumachokera nkhani za sukulu za m'midzi zimene makhonsolo akuganiza zotseka chifukwa ana achepa.